Mzungu Wopesa Mchenga Kumanda a ku Maramba

Ku koleji ya uphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi inayi, kenaka ine ndi kolejiyo tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Mgwirizanowo anaulemba okha, ine ndinangoulandira m'envulopu. Ndinanyamula bulangete, sutikesi ya malata ndi buku limodzi la mapu, n'kutsika wapansi kupita ku Maramba kwa azakhali anga, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Anandiyang'ana, anayang'ana sutikesi, n'kundilozera kachipinda kosungiramo matumba a tinsomba touma ta kapenta. Ndinagona mmenemo zaka ziwiri. Amphaka a m'dera lonselo ankandilemekeza kwambiri.

Anthu ndiye ayi. Anzanga a ku koleji akandiona mumsewu waukulu wa m'tauni ankandipatsa moni wa munthu wachifuwa chachikulu, uja woperekera patali ndiponso mothamanga. Anyamata a m'komboni ankati ndine wamaphunziro, amaphunziro ankati ndine wa m'komboni. Masana ndinkakhala pa siteshoni kuonerera mabogi amene anali atangoima chitsekereni malire a pa mlatho wa ku Rhodesia. Ine ndi mabogiwo tinkamvana popanda kulankhula.

Nthawiyo chipani chinali chimodzi, kotero munthu sunkavutika mutu posankha. Sekishoni ya chipani ya kwathu inkasowa mlembi wodziwa Chingerezi, ndipo popeza ndinali nditaonako m'kati mwa koleji, anandipatsa kope, bolopeni ndi udindo. Tcheyamani wathu anali mwini butchala ya pamsika, bambo wonenepa, wokonda kuseka, amene ankatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero n'kuutseka ndi mtengo wa chiwindi.

Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa butchala, kumene kunali ntchentche zambiri koma makutu ochepa.

"Ba mlembi, kuli nkhani. Uja mzungu wa macheka mumudziba?"

Ndinkamudziwa monga mmene aliyense ankamudziwira. Inali nkhalamba yaitali, yowonda, yokhala m'kanyumba ka kumapeto kwa Maramba, yonola macheka, mipeni ndi masizasi. Kale inkagwira ntchito kumakina ocheka matabwa ku Mulobezi. Inakwatira mayi wachilozi masiku amene azungu anzake ankaona zimenezo ngati matenda, ndipo mayiyo atamwalira inatsala yokha, yopanda mwana.

"Bazimai bamene batola nkhuni bamuona," anatero tcheyamani. "Sondo iliyonse ayenda kumanda eka. Akasiliza, afuta mapazi yake pansi, ayenda chafutambuyo. Ena bakamba ni mfiti, ena bakamba ni kazitape wa kutsidya. Manje ufiti si nkhani ya chipani. Koma ukazitape ni nkhani ya chipani."

Achinyamata a chipani anali atakanena kale kuboma, ndipo boma linkafuna lipoti pasanathe sabata ziwiri. Masiku amenewo asilikali anali tcheru m'mbali mwa Zambezi, ndipo mlendo amene akukayikiridwa ankapatsidwa masiku owerengeka kuti amange katundu.

"Bakamupitikisa, azaninolela ndani mipeni?" anafunsa tcheyamani, maso ali pa chikwanje chake. "Muyende mukaone, mulembe bwino."

Lamulungu masana ndinamutsata. Iye anali kukankha njinga yokhala ndi thumba la mchenga pakaliyala, chigubu cha madzi ndi reki ya mano achitsulo yomangirira m'mbali. Ine ndinali pambuyo, kubisala kuseri kwa mitengo imene inali yowonda kuposa ine. Sanapite kumanda a azungu a m'tauni. Analowa m'manda athu, a anthu akuda, ndipo ndinaima kaye pachipata. Kwathu kum'mawa manda suwalowa wekha. Umalowa pagulu, mwachilolezo, ndipo potuluka umasamba. Munthu wolowa yekha masana dzuwa likuswa mtengo timadziwa chimene akufuna, ndipo si maluwa. Koma ndinali wantchito ya fuko, choncho ndinalowa, n'kukagwada kuseri kwa chulu.

Manda ena onse anali mitumbira yofiira yomera udzu, ina ili ndi mbale zoboola pamwamba. Amodzi okha anali ngati kadimba ka amishoni. Anali ndi mpanda wa njerwa wofika m'bondo, maluwa obzala m'mizere, ndi kabenchi ka thabwa pambali. Nkhalamba ija inazula tiudzu, inathirira maluwa, inakhuthula mchenga woyera wa kumtsinje n'kuumwaza kuzungulira mandawo. Kenaka inakhala pakabenchi, chipewa pabondo, n'kuyamba kulankhula motsitsa, kumaima pang'ono ngati ikupatsa mnzake mpata woyankha. Ndinalemba m'kope kuti wokayikiridwayo akulankhula ndi munthu wosaoneka. Itamaliza inatenga reki n'kuyamba kupesa mchengawo, ikubwerera chafutambuyo, mizere yowongoka ngati tsitsi la mwana wopita kuubatizo, mpaka phazi lake lomaliza litafufutika.

"Ba mlembi," inatero osatembenuka, "chokani pamene apo. Pali linthumbu."

Zinali zoona. Ndinali nditadziwa kale kwa mphindi zingapo, koma ndinkapirira chifukwa cha dziko.

Mkuluyo anandidikira ndikuvula nsapato ndi kukutumula buluku, ndipo ndinawauza zonse, pakuti n'kovuta kusunga chinsinsi cha boma uli chiimire ndi mwendo umodzi. Anamvetsera osaseka. Chinyanja chawo chinali cha pamsika, cholemera pang'ono pa lilime.

"Kwathu manda ni dimba," anatero. "Uyenda, ulimilila, ukhala pansi, ukamba. Posiliza upesa mchenga. Ena bakamba ni kuti wakufa asakulondole kunyumba. Amai banga benze kukamba kuti ni kuti bantu ba m'mudzi baone kuti unabwela."

Anati kwawoko kamodzi pachaka, nyengo yofunda, mudzi wonse umavala zovala zabwino n'kukakumana kumanda. Abusa amalalikira, anthu amayimba, achibale otayana amaonana, ndipo anyamata ena amapezera komweko mbeta. Ndinaganizira za azakhali anga atamva kuti mkazi ndinamupeza kumanda, ndipo mfundo imeneyi sindinailembe.

"Kwanuko ndi kuti, bambo?"

"Latvia."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene ali ndi achibale kumeneko.

Mawa lake ndinapita kunyumba kwawo ndi buku langa la mapu, ndipo ndinapitanso mkuja, ndi masiku ena onse a sabata imeneyo. Azakhali ndinkawauza kuti ndikufufuza. Zoona zake zinali zoti chichokereni ku koleji, amenewa anali malo oyamba kumene ndinkalankhula munthu wina osayang'ana kumbali. Ankagwira ntchito pakhonde, macheka atawapana pathebulo, tupa likuyenda dzino limodzi limodzi, ine ndikuwafotokozera maganizo anga pa maphunziro a m'Zambia. Sankavomera kapena kutsutsa. Kwa ine chimenechi chinali chikondi.

Tinatsegula mapu. Kumtunda konse kunali kopakidwa mtundu umodzi, kuchokera ku Ulaya mpaka kumapeto kwa pepala, ndipo panalembedwa dzina limodzi la Soviet. Analoza ndi nsonga ya tupa pakakona ka m'mbali mwa nyanja, pamene panali tizilembo tofunika galasi.

"Apa. Kumpoto kuli ba Estonia, ni bantu bochedwa, ukabauza nthabwala pa Mande baseka pa Chitatu. Kumwela kuli ba Lithuania, bakamba ngati ise koma molakwika."

"Ndi achimbuya anu amenewo," ndinatero, ndikuganiza za Atonga ndi Alozi, amene amanyozana pamaliro n'kumadyera mbale imodzi. "Nanga Arasha? Nawonso ndi achimbuya?"

Tupa linaima.

"Mbuya wako abwela pamalilo, akupaka unga kumaso, akutengela nkhuku. Akasiliza abwelela kunyumba kwake."

Anafotokoza mwachidule, ngati akuwerenga mndandanda wa zida. Dziko lawo linali ndi ufulu zaka makumi awiri, mbendera ndi nyimbo yake. Kenaka kunabwera Arasha, kenaka Ajeremani, kenaka Arasha kachiwiri, ndipo ulendo wachiwiriwo sanachoke. Pa ulendo woyamba uja, m'mawa wina iwo ali kunkhalango kodula mitengo, amayi awo ndi mlongo wawo anakwezedwa m'mabogi a ng'ombe kupita ku Siberia. Nkhondo inawakankha iwo mpaka kumisasa ya othawa ku Jeremani, kenaka ku Mangalande, kenaka kuno kumatabwa. Analemba makalata zaka zambiri, koma sanamve kumene awiriwo anagona.

"So manda yamene nili nayo ni yamene munaona, ya mkazi wanga. Yamozi chabe."

Anandionetsa chikalata chawo choyendera, chakale, chong'ambika m'makona. Pamzere wa dziko panalembedwa kuti alibe.

Ndinalemba lipoti loyamba, loona lonse, masamba atatu. Ndinafotokoza za Latvia, za mchenga ndi za kabenchi. Tcheyamani anandimvetsera ndikumuwerengera akudula nthiti.

"Latvia ni kuti?"

Ndinamuonetsa pa mapu. Anapukuta dzanja, anasuzumira, anabweza mutu kumbuyo, anasuzumiranso.

"Ba mlembi, apa palembedwa Soviet. Kuboma bazatenga mapu yao, bazaona chimodzimodzi. Muntu alibe dziko, akamba za dziko yamene kulibe, afuta mapazi pafupi na boda. Imwe mukanakhala boma mukanachita chani?"

Ndinabwerera m'kachipinda ka kapenta n'kukhala pathumba. Pamenepo nzeru za chaka chimodzi ndi miyezi inayi zinanditsikira. Asoviet anali abwenzi a dziko lathu. Ankathandiza omenyera ufulu a kutsidya, ankatitumizira madokotala, ndipo munthu wawo sakanakhala kazitape wa Rhodesia. Ndinalemba lipoti lachiwiri, tsamba limodzi. Ndinati mkuluyo ndi wobadwira m'dziko la Soviet, ndipo mwambo wa kumanda ndi wa kwawoko. Kuti akuluakulu asavutike, ndinawonjezera liwu limodzi losavuta: Mrasha.

Sindinganene kuti sindinkadziwa. Nkhani ya mabogi a ng'ombe ndinali nditaimva masiku atatu apitawo, nditakhala pakhonde pawo, ndikumwa tiyi wawo. Ndinaona kuti chiganizocho chikuyenda bwino ndipo ndinachikonda. Mkuluyo sindinawauze.

Lipotilo linagwira ntchito kuposa mmene ndinkafunira. Kuboma anasangalala kupeza kuti Maramba ili ndi Mrasha wake. Kunabwera kalata yoti alendo a ku Soviet akubwera kudzaona mathithi, ndipo zingakhale zokoma kuti m'bale wawo akawalandire pabwalo la ndege. Pambuyo pake, inatero kalatayo, nkhani ya chilolezo chake chokhala m'dziko idzakonzedwa. Tcheyamani anandipatsa theka la chiwindi kwaulere, n'kundituma kukanena uthengawo.

Ndinawapeza akunola sizasi ya telala. Ndinayamba ndi nkhani yabwino, yoti sachotsedwa. Kenaka ndinanena za bwalo la ndege.

"Chifukwa chani ine?"

"Amati ndinu m'bale wawo."

"Munalemba chani, ba mlembi?"

"Ndinalemba zoti zikupulumutseni, bambo."

Anandiyang'ana mpaka ndinalitchula liwulo. Anaika sizasi pathebulo pang'onopang'ono, n'kuiwongola kuti ifanane ndi m'mphepete mwa thebulolo.

"Nikakana?"

"Adzafunsa chifukwa chimene bwenzi likukanira abwenzi ake. Kenaka adzafunsa amene analemba lipoti."

Kuseri kwa mpanda mayi wina anali kusinja, ndipo ndinawerenga kugunda kwa munsi mpaka makumi anayi.

"Lole izabwela nthawi yanji?" anafunsa.

Linali tsiku la mu Okutobala, lija phula limamata kunsapato. Malole atatu anatitutira kubwalo la ndege: ana a sukulu ndi timbendera, achinyamata, ndi amayi a chipani ovala zitenje zofanana, ambiri mwa iwo Alozi a m'dera lathu. Mkuluyo anavala suti yakuda imene inkaoneka kuti inasokeredwa munthu wonenepa kuposa iwo. Anawaimika kutsogolo, pakati pa bwana wa kuboma ndi tcheyamani, atanyamula nkhata ya maluwa. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndi kope, kulemba mbiri ya fuko.

Ndege inachedwa maola awiri. Amayi anayimba nyimbo zonse zimene ankadziwa n'kuyambiranso. Potsiriza anatsika amuna anayi ndi mayi mmodzi, onse ofiira ndi kutentha. Mtsogoleri wawo anali bambo wa nkhope yabwino, wa thukuta, amene mwina nthawi ya mabogi ija anali mwana wa sukulu. Atamuuza kuti pali munthu wa kwawo, nkhope yake inawala zenizeni. Anatambasula manja, anawakumbatira mkuluyo, anawapsompsona masaya onse awiri, n'kuyamba kuwalankhula m'Chirasha, mofulumira, mokondwa.

Mkuluyo anamuveka nkhata ija bwinobwino. Kenaka anayankha m'Chilozi.

Sanakweze mawu. Analankhula mofatsa, akumuyang'ana mlendoyo m'maso, ndipo analankhula nthawi yaitali. Ine Chilozi changa chinkathera pa moni ndi kufunsa mtengo wa nsomba, choncho sindinamve kanthu. Chimene ndinaona n'choti amayi a mzere wakutsogolo anasiya kuyimba, kenaka a mzere wachiwiri, mpaka kunatsala ana a sukulu okha, amenenso analekera panjira.

Bwana wa kuboma anali wa kumpoto, wongobwera kumene. Anatembenukira kwa mayi amene ankatsogolera nyimbo, mayi wachikulire wa mvano wa kutchalitchi kwathu.

"Ba mayo, akamba chani?"

"Akuti mwalandilidwa," anayankha mayiyo. "Akuti mwayenda bwanji."

"Zonse zija?"

"Chilozi chimatalika, bwana."

Bwanayo anaseka, n'kuuza alendo m'Chingerezi kuti m'bale wawoyu wakhala kuno nthawi yaitali mpaka waiwala chilankhulo cha kwawo, ndipo umenewu ndi umboni wa mmene Zambia amalandirira anthu. Onse anaomba m'manja. Mlendo uja anawamenya mkuluyo paphewa mwachifundo, n'kuwabaya kabaji pa jekete. Galimoto zinanyamuka kupita kumathithi.

Pobwerera m'lole, amayi aja anawakhazika mkuluyo pa tayala losungira, iwo n'kukhala mowazungulira. Wina anawapatsa madzi. Panalibe woyimba. Ine ndinadzipanikiza pafupi ndi mayi wa mvano uja n'kufunsa chimene chinanenedwa.

"Ndiwe unalemba pepala ija?"

"Ndine, amayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo nsapato ndi zimene zinamukhumudwitsa pang'ono.

"Enze kufunsa kwamene kuli manda ya amai bake. Anachula dzina yao, na dzina ya mlongosi wake, na mtundu wa duku yamene banavala tsiku ija. Anakamba kuti ngati simudziba manda, niuzeni chabe siteshoni yamene banatsikila." Anakonza chitenje chake. "Mkazi wake tenze kupemphela naye. Ise tenze kuona monga mzungu uyu alibe bantu bake chifukwa ni wonyada."

Anatembenukira kwa mkuluyo, n'kundipatsa msana mpaka ku Maramba.

Chilolezo chinabwera patapita mwezi, chili ndi chidindo chachikulu, ndipo ndinapempha kuti ndikachipereke ndekha. Panjira ndinakonza mawu. Ndinakonza opepesa, ndinakonzanso olandirira kuthokoza, kuti ndikhale wokonzeka mbali zonse. Mkuluyo anaimirira, anapukuta manja, analandira pepalalo ndi manja awiri. Analiwerenga lonse, ngakhale mzere umene unanena za dziko lawo lobadwira.

"Zikomo, ba mlembi," anatero. "Mwagwila nchito."

Anakhalabe chiimire, mwaulemu, monga mmene munthu amaimira kudikira kuti wa ku ofesi apite. Ndinapita.

Sanandikwiyire poyera tsiku lililonse. Tikakumana pamsika ankakweza chipewa. Ndinawapititsira mpeni wa azakhali katatu mwezi umodzi, mpaka azakhali anadandaula kuti mpeniwo ukutha, ndipo katatu konse anaunola bwino n'kundibwezera ndi manja awiri. Pakhonde pawo tsopano pankakhala amayi aja, akusenda mtedza, akuseka m'Chilozi, ndipo nthawi zina ndinkamva mawu a mkuluyo akuwayankha. Ndinkadutsa mumsewu pang'onopang'ono ngati munthu wofunafuna ndalama yake yachitsulo imene yagwa. Ufiti sunatchulidwenso. Tcheyamani ankauza aliyense kuti mlembi wake ali ndi mutu, ndipo pa msonkhano wina anandiimiritsa kuti anthu andiombere m'manja.

Chaka chotsatira ndinapeza ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Kabwe, kumene palibe amene ankandidziwa, zimene poyamba ndinaziona ngati kukwezedwa pantchito. Azakhali sankadziwa kulemba. Makalata awo ankawalembera mayi wa nyumba yoyandikana, ndipo ankafika kawiri pachaka. Patapita zaka zinayi inafika kalata ina, yochedwa miyezi iwiri. Inanena za mwendo wawo, za denga lodontha, za mwana wa tcheyamani amene anathawa ndi msilikali. Chakumapeto kunali mizere iwiri: Mrasha wako uja anamwalira nthawi ya mvula. Anamuika pafupi ndi mkazi wake, anthu analipo ambiri.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinakhala pansi n'kuyankha. Ndinalemba masamba awiri athunthu. Ndinafotokoza kumene Latvia ili, anthu oyandikana nayo kumpoto ndi kumwera, ndi mmene liwu lija linalowera m'lipoti, ndipo ndinapempha kuti auze anthu a pamsika. Ndinajambulanso kamapu pansi pake.

Pa Khirisimasi nditapita kukacheza ndinafunsa ngati kalatayo inafika. Azakhali anati inafika, koma inali yaitali, ndiye anamuuza wowerengayo kuti adumphe apite kumapeto akaone ngati ndapeza mkazi.